Zimene Ndinadula M'filimu Yanga

1

Ngati mumakhala mu Lilongwe muno, ndipo foni yanu si ija yongoimbira ndi kuunikira poyenda, filimu ya "Sindichoka Pageti" munaionerapo. Mwina munalira nayo. Mwina munawatumizira amuna anu kagawo kake n'kuwafunsa kuti, "Nanga inu bwanji simundikonda chonchi?" Amene anailemba ndine. Dzina langa ndine Eneless, kwathu ndi ku Ntcheu, koma pa nthawi imene ndikunenayi ndinkakhala ku Kawale ndi mwamuna wanga Leston, yemwe ali ndi shopu yowotcherera zitsulo ku Biwi.

Zolembalembazi ndinaziyambira kutchalitchi, timasewero ta achinyamata. Kumeneko ndi kumene anandionera Fahad, mkulu wina wamfupi, wolongolola ngati wailesi, mwini wake wa makamera awiri ndi kagulu ka ochita masewero. Mafilimu ake amawadula m'magawomagawo n'kumawaponya pa intaneti Lachisanu lililonse.

Nkhani yoyamba imene ndinamupatsa inali yofatsa. Mnyamata afunsira mtsikana, mtsikana akana, mnyamata apepesa n'kumapita. Patsogolo akumana pamaliro, ayamba kucheza, adziwana bwino, mtsikana uja asintha yekha maganizo.

Fahad anawerenga mpaka kumapeto, kenako anayasamula.

"Mayi, iyi ndi filimu kapena ulaliki? Mwamuna kukanidwa kamodzi basi n'kumapita? Ndiye anthu aonera chiyani, msana wake?"

"Koma umenewo ndiye ulemu," ndinatero.

"Palibe munthu amagula bandulo kuti aonere ulemu. Anthu akufuna moto. Ndikufuna mwamuna woti akakanidwa, misala izichita kukwera. Mulibe nkhani yotero?"

Ndinali nayo. Sindinavutike n'kuiganiza komwe, inangotuluka yokha ngati madzi a pampopi wothyoka. Josiah aona Janet akugulitsa mandasi pasiteji. Amufunsira, Janet akana. Josiah ayamba kuima pageti pa Janet m'mawa uliwonse. Amenya kondakitala amene anamugwira Janet mkono pokwera minibasi. Apeza nambala ya mwamuna m'foni ya Janet, aiswa foniyo, m'mawa mwake abwera ndi yatsopano yoposa yoyambayo.

Mwina simudziwa kuti wolemba filimu salemba mawu okha, amalembanso nkhope. Paliponse pamene Janet akunena kuti "Sindikufuna," pansi pake ndinkalemba kuti atembenuke, amwetulire pang'ono Josiah asakumuona. Josiah akamugwira Janet dzanja mwamphamvu, ndinkalemba kuti gitala ayambe kulira pansipansi, ndipo kamera ikhale pamaso a Josiah olengeza misozi, isapite padzanja la Janet. Fahad atawerenga zimenezo anaimirira n'kundiombera m'manja.

2

Filimuyo inatchuka moti ine ndemwe ndinadabwa. M'masaluni a ku Area 23, m'minibasi za ku Biwi, nkhani inali Josiah yekhayekha. Amayi a kumpingo kwathu ankandikoka chitenje tikaweruka. "Mayi Eneless, musatiphere Josiah, tagwira mwendo wanu!" Leston ankaonera gawo lililonse atakhala pampando wake, akuseka mpaka kudzimenya ntchafu.

"Mkazi wanga ndi dolo," ankawauza anzake. "Josiah ameneyu ndiye mwamuna. Osati tianyamata ta masiku ano tofunsira pafoni."

M'nyumba mwathu tinkakhala ndi ana athu awiri, woyamba dzina lake Chisankho, komanso mng'ono wanga Zipora. Makolo athu atamwalira ndinamutenga ali wamng'ono, ndipo ndinamulera ngati mwana wobala ndekha. Tsopano anali atakula, atasankhidwa kukaphunzira unamwino ku Mzuzu, akungodikira kuti sukulu itsegulire. Podikirapo ankathandiza m'sitolo ina yogulitsa mankhwala ku Old Town. Zipora ndi mtsikana wosadziwa kuzungulira, akafuna kukuuza chinthu amakuuza pamaso.

Tsiku lina kunabwera Clifford, wantchito wa kushopu kwa Leston, kudzasiya zitsulo za pawindo. Anali chimunthu chachitali, chosalankhulalankhula, maso ofiira ndi moto wowotcherera. Anamupeza Zipora akuchapa panja. M'mawa mwake anabweranso, zitsulo alibe, n'kumufunsira.

"Pepani achimwene, sindikufuna," anatero Zipora. "Ine ndikupita kusukulu."

Ndinkaonera pawindo la kukhitchini. Zipora anatembenuka n'kupitiriza kuyanika zovala. Ndinamuyang'anitsitsa kumaso, sindikudziwa kuti ndinkafuna kuona chiyani. Nkhope yake inali gwa, kumwetulira kunalibe.

Kutacha, Clifford anali chilili pageti pathu. Tsiku linalo chimodzimodzi. Sankagogoda, sankapereka moni, ankangoima atapinda manja mpaka Zipora atatuluka, n'kumamutsatira chapatali mpaka pasiteji. Sabata isanathe, m'dera lonse dzina lake linali Josiah. Ana ankamuimbira nyimbo ya mufilimu ija. Amayi otunga madzi ankamukuwira Zipora kuti, "Iwe Janet, mumvere chisoni mwana wa eni ake!"

Masiku oyambawo nanenso ndinaseka nawo. Ndinkati ndi chibwana, chitha chokha.

3

Sichinathe. Zipora pofuna kuthawa kutsatiridwa anayamba kukwera kabaza wa njinga yamoto kuchokera pakhomo penipeni. Madzulo ena dzuwa lisanalowe, Clifford anamudikira wakabazayo pakona, n'kumugwetsa panjinga Zipora atangotsika kumene. Anamumenya mpaka kumugulula mano akutsogolo. Anthu anaunjikana, koma woleretsa panalibe. Onse anatulutsa mafoni n'kumajambula, ena akufuula kuti, "Josiah! Josiah!"

Patangopita masiku ochepa, Clifford anamulanda Zipora foni pamsewu n'kuimenyetsa pamwala. M'mawa mwake tinapeza katoni ya foni yatsopano pageti. Zipora anainyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa n'kukaitaya m'ngalande, ine ndinamupatsa kafoni kanga kakale.

Masana a tsiku lomwelo anandipeza ndikusenda mbatata kukhitchini. Anatseka chitseko n'kutsamirapo.

"Asisi, munthu uja andipha."

"Usamalankhule choncho iwe."

"Simukuona? Akuchita zonse zimene munalemba, motsatana. Geti, kumenya, foni. Ndiuzeni, gawo lomaliza lija simunatulutseli, Josiah amutani Janet?"

"Amukwatira."

"Janet atavomera?"

Mpeni unanditerereka n'kundicheka chala. Ndinachiyamwa chalacho nthawi yaitali kuti ndisayankhe. Zipora, mtsikana amene sindinamuonepo akuopa ngakhale galu, ankangosuzumira pawindo kuyang'ana kugeti.

Leston atabwera ndinadikira kuti asambe, adye, mtima ukhale pansi.

"Bambo a Chisankho, mumuuze wantchito wanu uja asiye kumuvutitsa mwanayu."

"Kumuvutitsa?" Anaseka. "Mnyamata akufuna banja, iwe ukuti akuvutitsa? Clifford samwa, sasuta, ntchito ili m'manja. Mlamu wanga akufunanso wotani? Za unamwinozo akangobwerako ndi mimba yopanda mwini."

"Koma anakana."

"Mkazi weniweni savomera msanga. Iwenso ukudziwa."

Anandiyang'ana akumwetulira mpaka ndinaweramitsa mutu. Nkhaniyo inathera pomwepo, monga mmene zinkathera nkhani zonse m'nyumba mwathu.

4

Chimene chinandizizitsa thupi si kumenya kuja, kapena foni ija. Inali lamya ya malume athu, a Anderson, ochokera kumudzi ku Ntcheu. Iwo ndiwo mwinimbumba, nkhani ya ukwati ya aliyense wa ife imathera pakamwa pawo.

"Eneless, nkhani yabwino chonchi mwatibisiranji?" Mawu awo anali a munthu wokhuta. "Kunabwera mlendo kuno. Mnyamata waulemu, popereka moni anachita kugwada. Watisiyira bulangete lolemera ndi shuga. Akuti iye ndi Zipora anamvana kale, kungoti mtsikanayo ndi wamanyazi."

"Malume, akunama. Zipora anamukana."

"Aaa, atsikana onse amatero pamaso pa anthu."

Lamya itaduka ndinayamba kuisinkhasinkha nkhaniyo. Bulangete limenelo m'filimu mulibe. Josiah sanapiteko kwa malume a Janet. Sindinalembepo zimenezo, Fahad sindinamuuzepo, ndipo Clifford njira ya kumudzi kwathu sakanaidziwa yekha. Ulendo wa bulangete unali m'nkhani ina, imene sindinaiuzepo munthu mmene inalili. Panali wina amene ankamunong'oneza Clifford, ndipo munthuyo ankadziwa zambiri kuposa zimene zinali m'filimu.

Ndinavala chitenje n'kuuyamba wapansi kupita ku Biwi, dzuwa lili paliwombo. Clifford sindinamupeze. Ndinapeza Leston yekha atawerama, moto uli thethethe, akumalizitsa chitseko chachitsulo. Chinali cholemera ngati cha sitolo, chopanda kabowo n'kamodzi komwe. Ndinachizungulira. Kunja kwake kunali pokolowekera loko. Mkati mwake munali see, mopanda chogwirira.

"Chitseko ichi ndi cha ndani?" ndinafunsa.

"Cha Clifford. Wapeza nyumba ku Chinsapo, kuseri kwa chigayo cha penti yachikasu. Kumeneko akuba achuluka."

"Nanga munthu akakhala mkati atsegula bwanji?"

Anazimitsa moto, n'kuchotsa pang'onopang'ono magalasi ake akuda aja.

"Iwe za zitseko wazidziwira kuti? Pita kunyumba."

Ndinapita. Nditafika ndinamuuza Zipora kuti asapite kwina kulikonse yekha, ngakhale kokagula mchere. Ndinaimbira mnzanga wina wa ku Mzuzu kuti amusunge mpaka sukulu itatsegulira, ndipo tinagwirizana kuti anyamuke Lolemba. Zipora anandifunsa chimene ndaona. Sindinamuuze. Chifukwa cha mantha ndinadzinamiza kuti nthawi ilipo. Akuluakulu sananame, pakadafunda padajiwitsa galu.

5

Loweruka tinali ku Area 25 kujambula gawo lomaliza. Mmene ndinalilembera linali lokoma kwambiri. Janet atumidwa kukaona wodwala, asochera, apezeka pakhomo pa Josiah, mvula iyamba. Alowa kuti ause. Chitseko chitsekeka. Pamenepo ndinalemba kuti chithunzi chiduke. Chikamabwereranso, kwacha, mbalame zikuimba, Janet akusesa pabwalo atavala malaya a Josiah, akumwetulira. Ankhoswe afika, nthungululu, filimu yatha.

Irene, mtsikana amene ankasewera ngati Janet, anandipeza pamthunzi wa mango akudzipaka zodzoladzola.

"Amayi, ndithandizeni. Pakati pa chitseko kutsekeka ndi m'mawa muja, chinachitika n'chiyani?"

"Palibe. Tadula pamenepo."

"Ndikudziwa kuti mwadula. Koma ine ndiyenera kudziwa kuti nkhope ndiiike bwanji. Janet wakhala akukana magawo onsewa. Ndiye akangolowa m'nyumba basi wavomera? Wavomera chifukwa chiyani? Ndipo chitsekocho watseka ndani?"

Nthawi yomweyo foni yanga inanjenjemera. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa Zipora, ndipo ankalankhula mosadandaula konse.

"Asisi, alamu akuti azakhali awo a ku Chinsapo adwalika, ndiye ndikawaone popeza za mankhwala ndimazidziwako. Musadandaule, sindili ndekha, akundiperekeza okha."

Leston alibe azakhali ku Chinsapo. Azakhali ake onse tinawaika m'manda ku Dedza.

Ndinaimba. Foni inali yozimitsa. Ndinaimbira Leston, inaitana mpaka kuduka. Sindikumbukira kuti ndinaimirira bwanji, ndinangozindikira ndamugwira Fahad malaya pakhosi pamaso pa gulu lake lonse.

"Lizani galimoto. Tengani kamera."

"Mayi, dzuwa likutithera, tisanajambule..."

"Amutenga mng'ono wanga! Lizani galimoto!"

Fahad anandiyang'ana kamodzi kokha. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, sanalongolole. Irene anadziponya kumpando wakumbuyo ali chivalire zovala za Janet, ndipo tinanyamuka.

6

Msewu wa tsiku limenelo sindidzauiwala. Loweruka la maukwati, magalimoto ali ndondondo, ena akuimba mahutala mwachisangalalo. Ine ndinkangoimba foni yozimitsa ija mobwerezabwereza. Titalowa m'fumbi la Chinsapo tinafunsa chigayo chachikasu, ndipo titachipeza tinasiya galimoto n'kuthamanga wapansi.

Nyumbayo ndinaimva ndisanaione. Kunali kugunda kwa chitsulo, kenako mawu a Zipora, osasa kale, akuitana dzina langa.

Pabwalo panali anthu. Amayi ena anaima chapatali ana ali kumsana, akusekerera. Anyamata anakwera pampanda. Pafupi ndi chitseko chija panali Leston, atakhala pachidebe chovundikira, akudya nzimbe. Loko anali wokhoma.

"Bwanji simukuthandiza?" ndinakuwa.

"Za chikondi izi, mayi, sitilowerera," anayankha mayi wina. "Akukana ngati Janet, koma avomera."

Kenako anaona kamera ya Fahad, anaonanso Irene. Bwalo lonse linasokosera. "Janet uyo! Akujambula filimu! Ndi filimu!" Ena anayamba kuomba m'manja, ena kudzikonza tsitsi kuti aoneke nawo. Mkatimo mng'ono wanga ankalira, kunja kuno anthu akululutira.

Ndinaima pamaso pa Leston.

"Bambo a Chisankho, ndipatseni kiyi."

Analavula zotsalira za nzimbe. Sanakweze mawu, Leston sakweza mawu.

"Bwerera kunyumba, Eneless. Mawa tiwaimbira malume, abwere adzakambirane. Mtsikana akagona kwa mwamuna, nkhani imakhala yatha."

"Ndipatseni kiyi."

"Ukulira chiyani? Iweyo unafa? Si uli ndi ana awiri, nyumba yamalata, ulemu kutchalitchi? Ine ndangomuonetsa mnyamatayu njira imene inandithandiza. Ndipo wekha unalemba kuti chinali chikondi. Dziko lonse laonera, laomba m'manja."

Fahad anatsitsa kamera, pakamwa pali yasa. Ndinatembenuka n'kumuuza kuti, "Jambulani. Ndipo musadule."

Ndiyeno ndinanena zimene ndinali ndisananenepo chikwatiwireni, ngakhale kwa Mulungu popemphera.

"Amayi inu, Janet ndine. Josiah ndi bambo awa. Ndinali msinkhu wa mtsikana ali mkatimu, ndikugulitsa mandasi pasiteji ya Biwi. Ndinawakana. Anaima pageti, anamenya kondakitala, anaswa foni yanga. Zonsezo munaziona. Zimene simunaone ndi izi. Anapita ndi bulangete kwa malume anga kukanena kuti tinamvana kale. Kenako mnzawo anandinamiza kuti azakhali ake akudwala, ndikamuthandize kuwasambitsa. Nditalowa, chitseko chinatsekedwa kunja. Kunalibe mvula. Kunalibe gitala. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Ndinamenya chitseko mpaka chala ichi chinathyoka, taonani mmene chinapindikira. Malume atafika patapita masiku, ndinawagwira miyendo, ndinati nditengeni. Iwo anati, wagona kale kwa mwamuna, kwathu ukatani? Ankhoswe anakhala pansi, mlandu unasanduka ukwati."

Ndinawayang'ana amayi aja m'maso.

"Sindinamwetulire. Ngakhale kamodzi. Kumwetulira kuja ndinachita kulemba ndekha, chifukwa popanda kumeneko sindikanatha kugona m'nyumba imodzi ndi munthu uyu."

Chinkamveka n'chitsulo chokha chija, Zipora akumenyabe.

Pagulupo panatuluka mayi wina wachikulire wovala mpango wakuda. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi Mayi Zaituni, eni ake a nyumbayo. Anayenda mosafulumira n'kuima pambali panga.

"Bambo, nyumba iyi ndi yanga," anatero. "Ndinabwereketsa nyumba, osati ndende. Tsegulani."

Leston anaseka pang'ono n'kuyang'ana anthu aja kuti aseke naye. Palibe anaseka. Amayi omwe aja ankaululutira anayamba kuyandikira mmodzimmodzi mpaka anamuzungulira. Wina anali atanyamula musi. Leston anayang'ana musiwo, anayang'ana kamera, n'kuponya kiyi m'fumbi.

Irene anatola kiyi uja n'kutsegula loko. Zipora anali kuseri kwenikweni kwa chitseko, bulauzi itang'ambika paphewa, dzanja lina lili magazi chifukwa chomenya chitsulo, lina litagwira botolo losweka. Clifford anali kukona ina, mkono utachekeka, akuoneka wosokonezeka ngati mwana wotayika pamsika. Zipora anali atamuletsa kuyandikira nthawi yonseyo.

"Abwana anandiuza kuti akalowa mkati amasiya kulira," anatero Clifford akuyang'ana ine. "Anati ndi mmene zimakhalira. Nanga mufilimu muja si..."

Zipora anagwera pachifuwa panga, botolo lili chigwirire. Tinachita kumutsegula zala chimodzichimodzi.

7

Tinapita kupolisi tsiku lomwelo, ndipo zimene Fahad anajambula zinakhala umboni. Nkhaniyi ili kukhoti. Onse awiri anawatulutsa pabelo, choncho musaganize kuti ndikulemba izi mtima uli m'malo. Ndinachoka ku Kawale ndi ana anga, tikukhala kwa mnzanga kudera lina limene sindilitchula. Ndikangomva makina odulira zitsulo akulira, ndimatseka makutu. Malume amaimba pafupipafupi kuti ndikathetse mlandu, akuti ndachititsa manyazi mtundu, akuti banja ndi kupirira. Zipora ali ku Mzuzu, akuphunzira. Amandiuza kuti sagona m'chipinda chotseka, ndipo anzake anazolowera kusiya chitseko chili pululu.

Gawo lomaliza tinalijambulanso. Ulendo uno chitseko chitatsekeka, kamera inatsala mkati ndi Janet. Anthu anatitukwana kwambiri. Ankati tamuipitsiranji Josiah, tamusandutsiranji chilombo. Koma Josiah sitinamusinthe n'pang'ono pomwe, mawu ake ndi zochita zake zinali zomwe zija. Tinangochotsa gitala ndi kumwetulira.

Inu owerenga, sindikunena kuti filimu yanga ndiyo inayambitsa khalidweli. Chitseko changa chinatsekedwa kamera ya Fahad isanagulidwe. Koma ndinaliveka zovala zaukwati n'kulitumiza m'foni ya aliyense, ndipo tsiku limene mng'ono wanga ankakuwa, anthu abwinobwino anaima n'kumaomba m'manja chifukwa ndinali nditawaphunzitsa kuti kulira kotero kumathera m'nthungululu. Mukamaonera za chikondi, dzifunseni kuti kamera yaima kumbali ya ndani, ndipo pamene adulapo abisa chiyani. Nkhani ija Fahad anayasamula nayo, ya mnyamata amene anakanidwa n'kupepesa n'kumapita, ndiyo inali ya chikondi. Kungoti munthu womva akauzidwa kuti ayi sakoma kumuonera.

Dzulo ndikumuluka tsitsi mwana wanga wamkazi, amene thupi layamba kumusintha, anandifunsa mwadzidzidzi.

"Amama, anzanga akuti Josiah ndi adadi. Zoona?"

"Zoona."

"Ndiye atakufunsirani munati chiyani?"

"Ndinakana, mwanangu."

Ndinapitiriza kuluka. Kenako anatembenuza mutu, tsitsi n'kupulumuka m'zala zanga.

"Nanga ine ndinabadwa bwanji?"

Ndalembera anthu ambirimbiri mawu oti alankhule, koma apa sindinapeze n'limodzi lomwe. Ngati pakati panu pali mayi amene anafunsidwapo funso limeneli n'kuliyankha osanama, andithandize, chifukwa mwanayu akudikirabe.